Pulasi wa Afalansa ndi ngongole yanga

Masamu ndinasiyana nawo ku Fomu 2 osatsanzikana, koma pulasi yekha ndinkamudalira. Ukamuona, umadziwa kuti zinthu zikuchuluka. Ndiye kwabwera mwana wa mlongo wanga, amene akuphunzira Chifalansa kusekondale, kudzandisokoneza ndili phee pansi pa mlambe ku Mbamba.

"Amalume, mawu amenewa ndi a Chilatini," akutero. Kwa Aroma, plus ankatanthauza zochulukirapo, ndipo dzina lomutsatira linkasintha mchira: ndalama ndi pecunia, koma ndalama zowonjezera ndi plus pecuniae. Ndinagwedeza mutu mwaulemu ngati ndinadutsa ku Kamuzu Academy, kumene ana akhala akulimbana ndi Chilatini chitsegulireni sukuluyo mu 1981. Chilatini changa chonse chinali "Amen", nayenso akuti ndi wa Chiheberi.

Afalansa anatenga mawuwa osasintha chilembo n'chimodzi chomwe, kenako n'kuwapatsa ntchito ziwiri zotsutsana. Ukatchula s wakumapetoyo, ndiye kuti onjezerani. Ukamumeza n'kunena kuti "plu", pamodzi ndi kamawu kokanira kakuti ne, ndiye kuti zatha, kulibenso. Polankhula mothamanga ne yemweyo amamutaya. Choncho plus de sucre wolembedwa papepala akhoza kukhala "shuga wina" kapena "shuga watha". Anthu a dziko lalikulu chonchi!

Ndinamuuza mnyamatayo kuti galamala imeneyi Afalansa anaiba kuno ku Likoma. Sitima ya Ilala ikangokocheza, m'magolosale monse muli plus. Ikachedwa, shelefu yomweyo ili plu. Mayi a kunyumba nawo ndi akatswiri. Ndikapempha kondowole wina pali alendo, amati "alipo", ndipo tanthauzo lake limakhala m'maso mwawo.

Maphunziro osapindula nawo ndi katundu chabe, ndiye ndinapita kwa mwini golosale amene dzina langa lili m'kope mwake, pulasi atandanda mpaka pansi pa tsamba. Ndinamufotokozera modekha kuti akawerenga ngati anthu a ku Paris, osatchula s, ngongole yonse yatha.

"Achimwene," anatero akutseka kope, "ine ndinabatizidwa ku St Peter's, tchalitchi chimene agogo athu anayamba kumanga mu 1903. Kumeneko chilembo chilichonse timachitchula."

Sopo amene ndinabwerera sanandipatse.