Suti yanga ndi benchi la ku Lirangwe

Suti ndili nayo imodzi, yakuda, ndipo kuno ku Chileka imadziwika kuposa mwini wake. Ndinaitola pakaunjika pa Lunzu mu 2015. Yayenda maliro, yayenda maukwati, inakafikanso kubwalo la ndege tsiku lomwe mlamu ankapita ku Joni, ine n'kumabayibitsa ndege ngati ndikudziwana ndi woyendetsa.

Loweruka lapitali kunali chinkhoswe cha mwana wa mlongo wanga ku Lirangwe. Malume ndine, choncho unkhoswe unagwera ine. Ndinakwera minibasi mpaka pa Kameza, n'kusinthira ina ya msewu wa Zalewa. Potsika miyendo inali itachita dzanzi. Pakhonde la golosale ina panali benchi lobiriwira, lowala mbee, lopanda munthu. Mumtima ndinati anthu akuno ndi aulemu, mpando wabwino asiyira alendo. Ndinakhala, n'kutsamira ndithu.

"Madala, dzukani!" anakuwa mnyamata atagwira bulashi. "Penti ameneyo sanaume! Simunaone pepala?"

Pepalalo ndinali nditalikhalira.

Mnyamatayo analibe mtima woipa. Anati penti wake ndi wamafuta, sopo samumva. "Akanakhala wamadzi, madala, bwenzi tikungotsuka ndi madzi ndi sopo asanaume. Koma uyu afuna thina kapena parafini. Vulani pompano. Tiyala kansanza pansi, titembenuza chovalacho, tizidinda chamkati kuti penti atsikire pakansanzapo. Osatikita, amalowerera."

Ine mwini mbumba, kuvula thalauza pamsika wa Lirangwe? "Mwana iwe," ndinamuyankha, "ndinayamba kuchapa iwe usanabadwe." Apo sindinaname kwenikweni, kungoti tsiku lomwe ndinachapa komaliza a Kamuzu anali moyo.

Kuchinkhoswe ndinkayenda chammbali ngati nkhanu, msana utaloza kukhoma. Zonse zinayenda bwino mpaka nthawi yosinthana nkhuku. Nditawerama kuti ndipereke tambala, amayi anaimba nthungululu zoti sindinazimvepo. Ine ndimvekere mawu anga awakhudza. Osadziwa kuti akuwerenga mizere: itatu pamsana, iwiri pokhalira.

Kunyumba ndinafika kutada, suti n'kuikankhira kunsi kwa bedi. Inagona komweko masiku atatu, penti akuuma mwamtendere. Lachiwiri, mayi akunyumba atapita kuchigayo, ndinayamba udokotala. Madzi otentha, ayi. Sopo wamtanda, ayi. Parafini ndinamusaka mudzi wonse, koma masiku ano matochi anapha koloboyi, munthu wosunga parafini ngosowa. Aneba anati mchere ndi mandimu. Suti inanunkhira ngati chambo chofuna kuwotcha. Mkulu wina wapabawo analumbira kuti jiki salephera. Zoonadi salephera: penti anamusiya ali phee, koma kuda kwa suti kunathawa, pozungulira mizere ponse n'kufiira ngati dothi lachulu.

Apa munthu wanzeru akanaleka. Ine ndinakoleza makala, ndati mwina ayironi isungunula pentiyo. Inamuphikira m'nsalu momwemo, wina n'kumatirira kunsi kwa ayironi.

Ndi mmene anandipezera mayi akunyumba, thumba la ufa lili pamutu.

"Abambo, kodi ndiwo zalero ndi suti?"

Ndinafotokoza zonse, kupatula za pepala lija. Sanakalipe, ndipo n'zomwe zinandipweteka. Anangoti ndikanaulula Loweruka lomwelo akanapempha thina wa m'kabotolo kwa kalipentala, n'kuyamba ayesa mkati mwa mpendero, poti nsalu zina zakaunjika thina amazidya. Akatero akanachapa ndi sopo, osasita mpaka banga litatheratu. Ndendende zomwe ananena mnyamata uja, wosabadwa uja.

Pano suti yaphimba khola la nkhunda, ndipo ayironi ndagula ina. Ukwati wa ana aja uliko mwezi wamawa, nkhoswe ndine ndemwe. Amene ali ndi suti yakuda ya munthu wamfupi, wakamimba pang'ono, andibwereke. Ndilonjeza kuimirira tsiku lonse.