Tsiku lomwe ndinatseka malire a pakhomo panga

Abale anga, wailesi ndi chinthu choopsa. Ukaimvera kwambiri umayamba kudziona ngati nduna, chonsecho ndiwe mkamwini wamba wokhala pa dothi la apongozi kuno ku Chiradzulu, kumene ngakhale mtengo wa mango womwe unabzala wekha umautchula kuti "wathu" motsitsa mawu.

Matenda anga okonda nkhani za malonda anayamba ndi nandolo. Mu 2016 nandolo anatipatsa ulemu. Mavenda ankafika ndi masikelo mpaka pakhonde, n'kumandipatsa moni wa "bwana". Ndinagula njinga, malata asanu ndi jekete ya pa kaunjika ku Limbe yokhala ndi thumba lam'kati, poti munthu wandalama saika chuma m'thumba la buluku. Chaka chotsatira ndinadzaza nandolo munda wonse, mpaka pomwe mayi a kunyumba ankabzala maungu.

Ndiye mu Ogasiti 2017, dziko la India, komwe nandolo wathu wambiri amakaphikidwa, linalengeza kuti silidzalola nandolo wakunja wopitirira matani 200,000 pachaka, poti alimi awo anali atakolola zochuluka. Anzathu a ku Mozambique anali atasainirana kale pepala ndi India mu 2016. Ife tinalibe pepala, tinali ndi nandolo basi. Mtengo unagwa ngati papaya lakupsa. Venda yemwe ankanditchula bwana uja anayamba kundidutsa maso ali kumwamba ngati akuwerenga akhwangwala. Chaka chimenecho tinadya nandolo m'mawa, masana ndi madzulo, moti usiku galu ankasamuka pakhonde n'kukagona kukhola.

Ndinaphunzira pamenepo kuti mtengo wa nandolo wa ku Namitambo umagamulidwa ku New Delhi ndi munthu woti sadziwa kuti chiperoni n'chiyani. Mu Juni 2021 nafenso tinasainirana ndi India kuti azitigula matani 50,000 pachaka kwa zaka zisanu. Ndinavina. Koma sikelo ya venda siimva wailesi. Thumba lomwe ndanyamula mpaka msana kulira, ikaliona imangoti makilo 43.

Chaka cha 2025 ndiye chinandimaliza. Mu Malichi unduna wa zamalonda unaletsa kuitanitsa kunja zinthu monga ufa, mpunga, mkaka, anyezi, mbatatesi, machesi, ngakhale timitengo totokosera m'mano. Ine ndinaombera m'manja, poti dziko lodzaza ndi nsungwi lingamaitanitse bwanji chotokosera m'mano, komanso nyama yoti titokose ili kuti? Pa 2 Epulo, a Donald Trump nawo anaika misonkho pa katundu wa pafupifupi dziko lililonse wolowa ku America. Anzathu a ku Lesotho anawamenya 50 pa 100 iliyonse. Ndinati eya, dziko lonse likutseka zipata, ine ndatsalira chifukwa chiyani?

Usiku wina ndinatenga kope la mwana wanga n'kuwerengera chuma cha pakhomo. Zomwe ndinapeza zinandiwawitsa mutu. Alamu anga, akulu awo a mayi a kunyumba, ali ndi dimba kumtsinje. Tsiku lililonse timagula kwa iwo tomato, anyezi, mpiru ndi zitumbuwa. Iwo kwa ife sagula kanthu, amangobwereka wilibala ndi kupala moto. A John Chilembwe, mwana wa kuno kwathu ku Chiradzulu, amene nkhope yawo ili pa K2,000, akalowa m'thumba mwanga sagona. Amangomwa madzi n'kuwolokera kwa alamu.

M'mawa ndinavala jekete ija n'kuitanitsa msonkhano wa nduna zanga, kutanthauza mayi a kunyumba ndi ana atatu.

"Kuyambira lero," ndinatero nditatsokomola kawiri, "pakhomo pano palibe kulowa tomato, anyezi kapena chitumbuwa cha kwa alamu. Tizidya zathu. Ndipo wobwereka wilibala azilipira msonkho wa K200."

Mayi a kunyumba anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku patapata. "Zathuzo ndi ziti, bambo?"

Ndinaloza kuseri kwa bafa, komwe kunali mbande zitatu za tomato zomera zokha. Pomwe tinkayang'ana n'kuti mbuzi yanga ikumaliza yachiwiri.

Ndikanamvera wailesi mpaka kumapeto, sindikanafulumira. Dziko la Tanzania litaona kuti katundu wake akubwezedwa pachipata cha Songwe, nduna yawo ya zaulimi, a Hussein Bashe, inabwezera kumapeto kwa Epulo. Inaletsa zokolola za ku Malawi kulowa kwawo, n'kukhudzanso feteleza ndi njira yopita ku doko la Dar es Salaam. Apa m'pamene tinakumbukira kuti nyanja yathu ndi yokongola koma sifika kwa azungu. Patangodutsa masiku ochepa chiletso chinachotsedwa, ndipo kumayambiriro kwa Meyi akuluakulu a maiko awiriwa anakakhala pansi ku Dodoma.

Alamu anga sanapite ku Dodoma. Sanakalipe, sanatukwane. M'mawa mwake ndinangopeza nthambi zaminga zitaunjikidwa pa kanjira kodutsa pabwalo pawo. Abale inu, kanjira kameneko ndi kopita kumjigo. Ndi komwekonso kopita kuchigayo. Ndinazindikira nditaima ndi mswachi m'kamwa kuti inenso ndine dziko lopanda doko.

Zilango zinabwera motsatizana. Mtondo ndi musi zomwe ndinkayesa zathu zinaitanidwa kwawo. Foni yanga inathamangitsidwa pa sola ya amuna awo. Tonde wawo, yemwe ankayendera mbuzi zanga mwaulere, anamangidwa chingwe chachifupi. Ngakhale tambala wawo anasiya kubwera kudzacheza, nkhuku zathu n'kumandiyang'ana ngati ndine ndawasokonezera banja.

Mayi a kunyumba anati iwo sangazungulire njira ya kumanda ndi ndowa pamutu chifukwa cha mfundo za boma lomwe sanalivotere. Choncho nduna ya zamalonda inasanduka nduna ya zamadzi. Ndinkadutsa pa bawo ndi zigubu ziwiri panjinga, amuna anzanga n'kumandifunsa ngati madziwo alipiridwa msonkho.

Ndiwo zinasanduka madzi amchere okhala ndi nandolo osambiramo. Tsiku lachinayi ndinagwira mwana wanga wamng'ono akulandira chitumbuwa kudzera pa chibowo cha mpanda. Nditamufunsa, anati malire ndatseka masana, za m'mawa kwambiri sindinanene. Ndinamusiya, poti chitumbuwacho tinagawana.

Tsiku lachisanu mimba inagonjetsa mfundo. Ndinakwera kabaza mozemba mpaka pa Mbulumbuzi kukagula tomato wa "dziko lina". Ndalama ya kabaza inaposa ya tomato. Ndikusankha mulu wabwino, mayi wogulitsa uja anandiyamikira kuti ndili ndi diso.

"Ameneyu ndi wabwino, achimwene. Ndimapikula kwa mayi ena a dimba lakumtsinje kwanu komweko. Simukuwadziwa?"

Ndinawadziwa. Ndinagula tomato wa alamu anga pa mtengo wowirikiza, kuphatikizapo ulendo. Walira mvula walira matope.

Chuma chitagweratu, ndinapita kukapempha ngongole kwa mayi a kunyumba, poti ndi msungichuma wa banki m'khonde. Apa ndinamvetsa zomwe boma linaona mu Novembala 2023, pomwe kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 pa 100 iliyonse, kenaka bungwe la IMF n'kuvomera ngongole ya madola pafupifupi 175 miliyoni yodzaza ndi malamulo. Anga malamulo anali atatu. Choyamba, zopita kukaona mpira kumsika Loweruka n'kubwera ndikuyimba zithe. Chachiwiri, ndimange mpanda wa mbuzi. Chachitatu, ndikumbe dimba langa m'malo mowerengera la eni ake. Ndinapempha kuti tiyambe ndi chachiwiri, choyambacho tidzachione chaka chamawa. Anati maboma onse amatero, n'chifukwa chake mgwirizano wa IMF uja unathera panjira mu Meyi 2025. Sindinadziwe kuti nawonso amamvera wailesi.

Dodoma wathu anachitikira pansi pa mtengo wa mango "wathu" uja. Malume awo a mayi a kunyumba, mwinimbumba, anakhala pampando. Alamu anakhala pamphasa. Ine ananditambasulira thumba la nandolo lopanda kanthu.

"Akamwini," anayamba malume, "tamva kuti mwatseka malire. Malirewo munabwera nawo kuchokera kwanu?"

Ndinayang'ana nyerere zomwe zinkadutsa pafupi ndi phazi langa. Zinkaoneka zotanganidwa ndiponso zaufulu.

"Kufuna kudya zanu si kulakwa," anapitiriza. "Ngakhale ife timafuna kukuonani mukugulitsa kanthu. Koma wotseka chipata amayamba wasuzumira m'nkhokwe mwake, kenaka n'kuona kuti njira ya kuchigayo idutsa pa yani. Inu mwayamba ndi chipata."

Mgwirizano unasainidwa ndi kuwomba m'manja. Alamu azitenga manyowa a mbuzi zanga ndi ndowa ya nandolo pokolola, ine ndizilandira tomato pa mtengo wachibale. Wilibala iziyenda popanda msonkho. Minga ichoke. Tonde amasulidwe. Alamu anawonjezera okha kuti andipatsa mbande ndi kachigawo ka kumtsinje, ati kuti aone ngati pakamwa ndi khasu zimayenda liwiro limodzi.

Ndinkati zatha, malume anakweza chala. Ati posokoneza mtendere wa mbumba, ndilipe tambala mmodzi.

Ine tambala ndilibe. Pamudzi ponse wogulitsa tambala anali mmodzi yekha, ndipo mukumudziwa. A Chilembwe anatuluka m'thumba lam'kati la jekete, atatu nthawi imodzi, n'kuwolokera kwa alamu kudzera pa kanjira komwe kanali katangotsegulidwa kumene.