Pakadafunda Padajiwitsa Galu: Za a IT a M'boma

Makolo athu, amene kompyuta sadaione ngakhale kutulo, adati pakadafunda padajiwitsa galu. Anthu aotha moto pabwalo madzulo, nthano zatha, aliyense walowa m'nyumba ndi kupiringidza chitseko. Galu watsala yekha paphulusa. Akudziwa bwino lomwe kuti usiku kunja kumayenda fisi, koma phulusa likadali lofunda, ndiye akungoti ndidzuka pompano. Kutacha eni ake adangotola mchira.

M'maofesi a boma phulusa lotere lilipo, ndipo lofunda koposa lili m'kachipinda ka munthu amene tonse timangoti "a IT". Dzina lawo lenileni, ngakhale amene adawalemba ntchito amayamba atsegula faelo kuti alikumbukire. Kachipindako mukukadziwa. Kali kumapeto kwa khonde, mkati muli mamonita akufa osanjikizana mpaka kudenga, mapulinta atatu amene iliyonse ikudikira kachitsulo kochokera mwa inzake, ndi katoni ya mawaya imene palibe adalimbapo mtima kuimasula. M'dirowa muli kabuku kachikuto cholimba, ndipo m'menemo ndiye muli boma lonse: pasiwedi ya seva, ya intaneti, ndi ya abwana, imene ndi dzina la mwana wawo wachisamba kuphatikiza chaka chimene adabadwa.

Pakalata yowalembera ntchito padalembedwa zosamala makina ndi kuteteza zinsinsi za boma. Koma imene amagwira tsiku ndi tsiku ndi yochotsa pepala lokanirira mu pulinta, kulumikiza pulojekita pamsonkhano, kubwezeretsa zithunzi za pa WhatsApp zimene abwana afufuta mwangozi (kapena kufufuta zimene abwana sakufuna kuti mayi akunyumba azione), ndi kukonza makadi a ukwati wa mlamu wake wa akauntanti. Akapita kumaliro ku Chiringa ofesi yonse imaima, ndipo obwera kudzathandizidwa amauzidwa kuti netiweki yavuta. Netiwekiyo sinavute ayi, yangokwera kabaza, yapita kukaika azakhali.

Munthuyu si woipa. Ambiri mwa iwo adakhoza bwino ku NACIT kapena ku Polytechnic, imene lero tikuti MUBAS, ndipo adalowa m'boma mitu ikuwira. Koma pampando padafunda. Chaka chidatha, china chidatha, mpaka zaka khumi ndi mphambu, akuona makina omwewo, mavuto omwewo, anthu omwewo. Zimene adaphunzira zinali za masiku a Windows XP. Fisi yekha ndiye sadasiye sukulu. Akuba a pa intaneti sadikira kuti Treasury itulutse ndalama za maphunziro, amadziphunzitsa okha usiku uliwonse, ndipo alawansi safunsa.

Tikafika pa Cashgate mwambiwu umatembenuka pang'ono. Mu 2013, m'boma la Joyce Banda, ndalama zidatuluka ku Capital Hill kudzera m'makina a IFMIS, kulipira makampani amene sadagulitse boma ngakhale msomali umodzi, ndipo zikatero anthu ena ankalowa m'makinamo kufufuta mapazi. Zidaululika Paul Mphwiyo, mkulu woona za bajeti, atawomberedwa mu Seputembala chaka chomwecho. Akatswiri owerengera ndalama a Baker Tilly ochokera ku Britain atafukula, chiwerengero chimene chidatsala pakamwa pa Amalawi ndi K24 biliyoni. Maiko otithandiza adatseka mpopi, zipatala zidasowa mankhwala. Apa galu sadajiwe. Adakhalitsa paphulusa mpaka adazolowerana ndi fisi, nkuyamba kuotha limodzi, ndipo zidajiwa ndi mbuzi za m'khola. Anthu akakhalitsa pamakina amodzi amadziwana kufooka, amabwerekana mapasiwedi ngati palibe kanthu, amadziwa ola limene palibe amayang'ana. N'chifukwa chake mabanki ambiri amakakamiza wantchito kupita kutchuthi, afune asafune, kuti pampando pake pakhale wina kwa masabata angapo. Wokana tchuthi chaka ndi chaka sikuti nthawi zonse ndi wolimbikira ntchito.

Kumayambiriro kwa 2024 tidaonanso zina. Nthambi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko idasiya kusindikiza mapasipoti kwa masabata ambiri. Mu Febuluwale Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera adauza Nyumba ya Malamulo kuti akathyali alowa m'makina ndipo akufuna dipo, koma boma silipereka. Makinawo adabwera ndi kampani ya Techno Brain, imene mgwirizano wake ndi boma udathetsedwa mu 2021. Za amene adalakwa tiwasiyire a malamulo. Koma mnyamata wa ku Migowi amene adagulitsa njinga ndi nandolo kuti apite ku Joni adafunsa funso losavuta: m'boma lonseli, odziwa m'mimba mwa makina amenewa alipo angati, ndipo adaphunzirira kuti?

Ku America adaliganizira funso lotere. Mu Juni 2022 Pulezidenti wa nthawiyo Joe Biden adasaina lamulo lolola antchito a boma oteteza makina kuchoka kunthambi kwawo, kukagwira ntchito kunthambi ina kwa miyezi isanu ndi umodzi mpaka chaka, kenako kubwerera pampando wawo wakale. Munthu amachita kufunsira yekha. Wapita, waona mmene anzake amatchingira khola lawo, wabwerako ndi nzeru, ndiponso ndi manambala a foni a anthu oti awaimbire zikavuta pakati pa usiku.

Wina anena kuti zimenezo ife tili nazo kale, ndipo sakunama kwenikweni. A IT a m'boma ali pansi pa nthambi ya E-Government, imene ingathe kuwatumiza kuunduna uliwonse, monga momwe Accountant General amachitira ndi maakauntanti. Kusamutsa anthu ndiye timatha. Vuto ndi lakuti kwathu kuno positing'i ili ndi matanthauzo awiri okha: wayankha abwana mwamwano, kapena uli ndi malume kulikulu. Kalata yokutumiza ku Lilongwe imafika ndi nthungululu. Yokutumiza ku Chitipa, ku Nsanje kapena kuno ku Phalombe imafika ndi anthu odzapepesa. Tsiku lomwelo munthu wamphamvu zake amapezeka ndi kalata ya adokotala yonena kuti matenda ake amafuna kukhala pafupi ndi chipatala chachikulu, mayi akunyumba ayamba kosi yosatheka kuisiya, ndipo abusa ayamba kusala kudya kuti kalatayo ibwerere kumene yachokera. Amene walephera zonsezi amabweradi, koma katundu amasiya ku Blantyre. Amafika Lachiwiri, Lachinayi masana chikwama chili kale paphewa.

Ife a kuno sitikwiya nazo, tidazolowera. Boma lathu la Phalombe lidabadwa mochedwa, mu 1998, litapatuka ku Mulanje, ndipo kwa zaka zambiri chipatala chachikulu chimene tinkadalira chinali cha mishoni cha Holy Family, mpaka pamene cha boma chidatsegulidwa ku Migowi. Koma ndikunena pano kuti kwa munthu wa makompyuta, Phalombe ndi sukulu imene ku Lilongwe kulibe.

Taganizani katswiri amene amakonza pulogalamu ali m'chipinda chozizira ku Capital Hill, intaneti ikuthamanga, jenereta ili chire. Ameneyo abwere adzakhale kuno miyezi isanu ndi umodzi, makamaka nyengo yogula feteleza wotsika mtengo. Adzaone amayi amene afika pamzere tambala asanalire, chiphaso cha unzika chili chomangidwa pakona ya chitenje, kalaliki akuchiloza ndi foni, foni ikungozungulira kampira kake. Adzaone kalalikiyo akutuluka, kukwera pachulu, kukweza foni m'mwamba kuyang'ana ku phiri la Michesi, anthu mazana akumuyang'anitsitsa. Akadzabwerera kulikulu sadzalembanso pulogalamu yoti ikasowa netiweki kwa mphindi imodzi iyambirenso pachiyambi.

Adzapitenso ku Nkhulambe, akamve kwa eni ake zimene namondwe Freddy adachita mu Malichi 2023, pamene matope ndi miyala zidatsika m'phiri, misewu nkuduka, magetsi nkuthima. Akuluakulu akamuuzanso za Napolo wa 1991. Pamenepo ndiye adzamvetse kuti kusunga kope lina la kaundula kumalo ena si mawu ongokometsera lipoti. Kompyuta imene ili ndi maina onse a odwala kapena a olandira thandizo, ikakhala imodzi yokha, pansi, m'chipinda chimene madzi amafika m'mawindo, sifunika katswiri wa ku Russia kuti aiwononge.

Ndipo adzaone chimene chitetezo cha pa intaneti chimatanthauza kumudzi. Agogo amene amalandira ndalama pafoni, nambala yawo yachinsinsi amaidziwa mdzukulu, ejenti wa pamsika, ndi mnyamata wotchaja mafoni. Agogowo okha ndi amene saidziwa. Madzulo foni ikulira, mawu aulemu kwambiri: "Agogo, tikuimba kuchokera ku Mtukula Pakhomo, dzina lanu latuluka, mungotumiza kaye kangachepe kolembetsera." Lamulo la 2016 loona za malonda ndi chitetezo cha pa intaneti lilipo, la 2024 loteteza zinsinsi za anthu liliponso, koma amene amawayendetsa akadakhala pakhonde la agogowa sabata imodzi yokha, mauthenga ochenjeza anthu bwenzi akulembedwa mwina.

Pamene mlendoyo ali kuno, a IT athu nawo anyamuke. Akakhale ku MACRA, kumene kuli gulu lothana ndi ziwembu za pa intaneti, akaone mmene chiwembu chenicheni chimaonekera chisanaphulike. Akasuzumire ku NRB, kumene kuli kaundula wa anthu oposa 9 miliyoni amene adajambulidwa mu 2017, kapena ku MRA, kumene makina akaima ola limodzi nduna imadziwa. Kenako abwerere. Mawu akuti abwerere ndawalemba dala, chifukwa popanda amenewo tangobwerera ku positing'i yakale ija.

Tsono poti ndife Amalawi, tidziwiretu mmene tidzaiwonongere ndondomekoyi. Choyamba padzakhala wekishopu ku Mangochi yokambirana za wekishopu yokhazikitsa komiti. Zikadzatha izo, kalata idzapita kwa mabwana kuti aliyense apereke munthu mmodzi. Kodi ndi bwana uti angapereke munthu amene amamukonzera foni? Adzapereka uja amafika 10 koloko fungo lili patsogolo, ndipo kwa zaka ziwiri boma lidzakhala likuzunguza alesi ake onse m'maunduna, aliyense kulawako.

Kwinako wosinthidwayo akafika adzamulandira ngati mkamwini watsopano: khasu ampatsa tsiku lomwelo, munda amuonetsa, koma nkhokwe ayi, imeneyo ndi ya eni mudzi. Adzampatsa desiki ndi kompyuta yosayaka, pasiwedi yaikulu itsale ndi mwini malo, amene akuti "tikupatsani mukazolowera". Paja amati mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa, koma m'boma kalumoko amakalanda pageti, nkukalemba m'buku la alendo, nkumuuza kuti adzakatenga potuluka. Miyezi isanu ndi umodzi idzatha munthu akuwerenga nyuzipepala.

Choopsa kwambiri ndi kusiyirana ntchito. Akale adati ukayenda siya phazi. A IT akamayenda sasiya kanthu. Laputopu ya ofesi yapita nawo, kabuku kachikuto cholimba kapita nawo, ndipo wolowa m'malo akaimba foni akumva kuti nambala imene mwaimbayi sikupezeka. Komanso khomo limene wochokayo ankalowera m'makina palibe amakumbuka kulitseka. Munthu adasamuka kalekale, mwina adapuma ndi ntchito, akuweta nkhumba kwawo, koma dzina lake likadatsegulabe makina a boma. Tikasinthasintha anthu mosasamala chonchi, pakutha zaka zisanu aliyense adzakhala ndi makiyi a nyumba zisanu, ndipo fisi sadzavutikanso kukumba, adzangobwereka. Choncho lamulo loyamba likhale lakuti palibe kukwera galimoto usanalembe zonse zimene zili m'mutu mwako, wina nkuziyesa kuti zikugwiradi, ndipo tsiku lochoka dzina lako lifufutidwe m'makina dzuwa lisanalowe.

Pali ena odandaula kuti tikawaphunzitsa kwambiri athawira kumabanki, ku TNM, ku Airtel kapena kumabungwe. N'zoona, ena adzapita. Koma akupita kale, ndipo amene amapita msanga ndi aja atopa ndi kuchotsa mapepala mu pulinta. Mnyamata wanzeru ukamuuza kuti chaka chamawa akaona makina a Reserve Bank, mwina apirira malipiro ochepawo kanthawi. Ukamuuza kuti pulojekita yomweyi ndi yake mpaka penshoni, ayamba kulemba makalata ofunsira ntchito pa kompyuta ya boma yomweyo, ndi pepala la boma, inki ikapezeka.

Pempho langa kwa amene adzalembe makalatawo ndi limodzi: ayang'ane kalendala ya kuno. A IT athu pazaka zonsezi sadangokhala. Adapeza maekala awiri kuseri kwa msika, adadzala nandolo, ndipo mavenda adayamba kale kuzungulira ndi masikelo awo. Kalata yowatumiza ku MACRA ikafika nandolo asanamenyedwe, mudzamva kuti BP yakwera.