Gasi Watha, Bwana

Mwezi wa October, dzuwa lili paliwombo, kaimeni m'mbali mwa msewu wa Masauko Chipembere muone anthu akuzunzika mwaulemu. M'ka Vitz kochokera ku Japan, kolowera pa Songwe, muli bwana wa tayi, magalasi onse ali chitsekere. AC inasiya kuzizira kalekale. Koma kutsitsa galasi n'kuuza akabaza ndi ogulitsa nthochi kuti zinthu zavuta, ndiye bwana angomwetulira, thukuta lili chuchuchu.

Loweruka amakhotera kwa amakaniko ku Ndirande. Boneti isanatsegulidwe n'komwe, chigamulo chaperekedwa kale: "Gasi watha, bwana." Wanena ndi mnyamata wootcha chimanga, wometa tsitsi wavomereza, ndipo mkulu wina amene amangodutsa waonjeza kuti ya mlamu wake inkachitanso chimodzimodzi. M'tauni muno AC imadwala nthenda imodzi yokha.

Chonsecho gasiyo, R134a amene ali m'magalimoto ambiri ochokera ku Japan, si petulo woti azitha chifukwa cha ulendo. Amangozungulira m'mapaipi otsekeka. Akachepa ndiye kuti pali potulukira: mwina kamphira ka polumikizira mapaipi kauma, mwina mwala wabowola kondensa imene imakhala kutsogolo kwa rediyeta. Mmisiri wodziwa ntchito amapaka thovu la sopo polumikizira paliponse, kapena kuthiramo utoto woonekera ndi tochi yapadera, mpaka apeze bowolo. Kungoti zimenezo zimadya tsiku lathunthu, pomwe bwana akudikiridwa kuchinkhoswe.

"Ingothirani, achimwene, zinazo tidzaona."

Amathiradi, monga wotunga madzi ndi dengu. Pakatha masabata awiri mphepo yotentha yabwerera, ndipo mlandu umagwera makaniko kuti anaika gasi wachinyengo, apo ayi mphwake wa bwanayo amene anabwereka galimoto kupita kumaliro ku Chikwawa.

Nthawi zina vuto limakhala lochititsa manyazi chifukwa cha kuchepa kwake. Mukatobwanya batani la AC, kompuresa imayenera kumveka kuti tcha, kusonyeza kuti yagwira. Ikangoti zii, mwina ndi fyuzi chabe imene yapsa. Ngati mumazizira galimoto ikamathamanga koma kutentha mukaima pamzere, onani fani ya kutsogolo. Ngati mphepo ikutuluka monyinyirika, kuseri kwa kabokosi kosungamo mapepala kuli fyuluta imene chifikire kuchokera ku Japan palibe anaigwirapo. Fumbi la misewu yonse ya m'makwalala lili mommo. Koma yesani kuuza munthu wa tayi kuti miyezi yonseyi wakhala akuphikidwa chifukwa cha fyuzi. Amakuyang'anani ngati mwamutukwana, n'kupita kwa makaniko wina amene angamuuze kuti kompuresa yafa, matenda oyenerana ndi udindo wake.

Tsiku limafika AC n'kukonzeka bwinobwino, malipiro a mweziwo atapita theka. Apa m'pamene bwana amakumbukira kuti AC imadya mafuta, ndipo mafuta akewo anawagonera pamzere. Lamulo limakhazikitsidwa pabanja: iziyatsidwa pakakwera mlendo wolemekezeka basi.

Mlendoyo amadzakhala apongozi, atsika basi kuchokera kumudzi. Bwana amatobwanya batani monyadira, n'kusuzumira pagalasi kuti aone nkhope yawo. Asanafike n'komwe pa Ginnery Corner, mayiwo adzifunda kale chitenje mpaka m'makutu.

"Pepani bambo, tazimitsani chimphepo chanucho. Mukufuna ndikafike kwathu ndi chibayo?"