Bisiketi wa nkhope asafike ku Mpanshya

Okondedwa alamu anga,

Pempho lanu loti nditumize tizikombole todulira mabisiketi a Khirisimasi, aja munaona pa Facebook, ndalikana. Musanapite kukandisumira kwa amfumu, tamvani zifukwa.

Bisiketi ameneyu kwawo ndi kozizira. Anthu a ku Germany ndi ku America amamuphika mu Disembala kunja kuli chipale chokhachokha, uvuni n'kumafunditsako nyumba. N'chifukwa chake amamudula kukhala kamunthu kachipale kovala mpango m'khosi. Ena kuno ku Johannesburg amangotengera, kujambula chipale thukuta lili kamukamu, poti Disembala wa kuno ndi wotentha. Tsono taonani kaphikidwe kake. Mukakanda ufa wa tirigu, batala, shuga ndi dzira, muziike mufiriji kuti batala alimbe, apo ayi nyenyezi yanu idzatuluka pamoto itasanduka chule. Uvuni ukhale pa madigiri 180, osakwera osatsika. Nanga mbaula yanu ija, alamu, madigiri ake amawerenga ndani? Akapsa mpamene pamabwera aisingi, choyera cha dzira chosakaniza ndi shuga wosalala, ndipo amafuna mpweya wouma usiku wonse kuti agwire. Kwanuko nthawi imeneyo ndi dzinja, ngakhale mchere umalira m'botolo. Maso a mngelo adzayenderera mpaka pachibwano, ana n'kuithawa mbale.

Mwina muti bwanji osagula opsa kale n'kutumiza pa basi. Katoni yochoka pa Park Station imadutsa pa Beitbridge ndi pa Chirundu, imatsika pa Intercity ku Lusaka, n'kukweranso ina ya pa Great East Road, ulendo wonsewo itapsinjidwa ndi masutikesi a eni ake. Chofika ku Rufunsa ndi ufa wamawangamawanga. Ndiponso eni dziko kuno ambiri alibe nthawi yojambula nkhope pa chakudya. Amagula bokosi la Choice Assorted la Bakers, banja lonse n'kumalimbirana a chokoleti, basi Khirisimasi yadutsa.

Mutinso ana amakonda zokongola, ndipo apa ndikuvomerezani pang'ono. Komatu mwana wa ku Mpanshya kukongola kwa tsikuli amakuonera pa malaya atsopano popita ku Misa ku mishoni, ndi pa mpunga wa nkhuku ya kumudzi pobwerako. Shuga wa ku Nakambala amene mungathere pa ndevu za Father Christmas ndi yemweyo akanatsekemeretsa vitumbuwa beseni lonse, kapena masikono ophikira mumpoto, makala pansi makala pachivundikiro, osapempha chilolezo kwa a Zesco. Chitumbuwa mwana amachigwira ndi manja awiri, mafuta akutsikira kuchigongono, ndipo akadya ziwiri amakagona osalira. Bisiketi wa nyenyezi amatha kamodzi n'kamodzi, mwana n'kukuyang'anani ngati simunam'patse kanthu, pomwe inu msana ukuwawa ndi kujambula.

Ndalama ya tizikombole ndatumiza pafoni. Mugule ufa, mafuta ndi yisiti, yotsalayo ipite ku feteleza wobereketsa. Mundiperekere moni kwa onse, ndipo achimwene muwauze asaiwerenge ndalamayo kumowa.

Ine mlamu wanu,
ku Joni