Makhadi 78 Si Ula, Amalume

Okondedwa amalume ndi abale nonse ku Tsangano, osaiwala achimwene ku Furancungo,

Mphekesera yatipeza kuno ku Joni yoti ana anu tasanduka asing'anga chifukwa ena mwa ife, makamaka alonda a usiku, akumayala makhadi a tarot patebulo. Mitima ikhale pansi. Mlonda amene akuyala makhadi yekha pakati pa usiku sakuombeza ula, akungodikira kuti kuche.

Makhadiwa anayambira kumpoto kwa Italy cha m'ma 1440, m'mizinda ya Milan ndi Ferrara, ndipo anali masewera a anthu olemera. Zoti amalosera zinabwera patapita zaka zoposa 300, pamene Antoine Court de Gébelin analemba ku Paris mu 1781 kuti muli nzeru zobisika za ku Iguputo wakale, koma umboni analibe. Ku France mpaka lero amasewera tarot poyera, ali ndi bungwe lake lomwe linakhazikitsidwa mu 1973, ndipo sitinamve kuti mamembala ake amauluka usiku.

Chimene anyamata akuchita n'kutenga paciência, masewera a munthu mmodzi aja amene kampani ya Microsoft inaika mu Windows mu 1990, akalaliki a m'maofesi n'kupeza chochita, ndi kuwasamutsira pa makhadi a tarot. Apa m'pamene pamafunika mutu. Paciência wamba ali ndi makhadi 52: mumayala miyulu 7 ya makhadi 28, m'manja mutsale 24, kenako n'kumasanja motsika, lofiira pa lakuda, lakuda pa lofiira. Tarot ili ndi 78. Mitundu inayi ili ndi makhadi 14 uliwonse, chifukwa kuwonjezera pa mfumu, mfumukazi ndi mnyamata, muli wokwera hatchi. Enanso 22 ndi a zithunzi. Ndiye miyulu 7 imachepa, mumayala 9 ya makhadi 45, m'manja mutsale 33. Malo omangirapo amakhala asanu: anayi oyambira pa 1 kulekezera pa mfumu, achisanu a zithunzi kuyambira pa 1 mpaka 21, ndipo a zithunziwo amangokwerana okhaokha. Vuto lina n'lakuti tarot zambiri zilibe zofiira ndi zakuda, koma apa ife a ku Tete tinawina kale. Mitundu yake ndi makapu, ndalama, malupanga ndi ndodo, ndiye kuti copas, ouros, espadas ndi paus zomwe mumatchula posewera sueca. Iwiri yoyambayo muiyese yofiira, inayo yakuda, nkhani yatha. Latsala khadi la Chitsiru, la nambala 0, lomwe limaloledwa kukhala paliponse pamene pasowa khadi. Banja lililonse lili naye wotere, sinditchula dzina.

Mudzati, nanga zithunzizo? Zoonadi muli Imfa pa 13, Mdyerekezi pa 15, ndi munthu wolendewera mutu pansi pa 12. Koma taonani ulemu umene amapatsidwa. Mdyerekezi amafoletsedwa pamzere, sangakwere mpaka khadi la 14 litapezeka, ndipo akangokwera, la 16 limamukhala pamutu. Akuluampingo akanayenera kukondwa.

Ena adzati ndi juga. Juga imafuna mnzako woti akudyere ndalama, pomwe wosewera yekha akagonja, ngongole ali nayo kwa iye mwini, ndipo amakhululukirana msanga. Ma rand amene akanathera pa kubetcha mpira ndi omwewo amafika kumudzi nthawi yogula feteleza wa mbatatesi ndi fodya. Choti kusewera wekha kumaoneka ngati misala, chimenecho sinditsutsa kwambiri. Bawo ndi wabwino kuposa, koma bawo amafuna anthu awiri, ndipo bwana salemba alonda awiri pa geti imodzi. Chenicheni choti mudandaule nacho n'chakuti miyulu 9 imalanda tebulo lonse, moti nsima imadyedwa mbale ili pamiyendo.

Choncho amalume, kauzeni amayi asiye kusala kudya chifukwa cha ife. Amene akufuna kudziwa mtengo wa fodya wa chaka chamawa asatitumizire nkhuku, afunse kwa ogula.

Ine mwana wa mlongo wanu,
ku Joni