Kuphunzitsa Mwana Kuwerenga Wotchi

Kuphunzitsa mwana kuwerenga nthawi ndi ntchito imene imagwera bambo wa pakhomo. Imayamba mwana akabwera ndi homuweki, mayi ake n'kunena kuti, "Kawafunse bambo ako, si ndiwo amavala wotchi." Bambo wotereyu, amene chitsanzo chake chabwino ndi mlembi wa nkhani ino, wotchi amavalira kutchena basi. Nthawi yeniyeni amaonera pafoni.

Chipangizo choyamba ndi wotchi yapakhoma, imene m'nyumba zambiri inabwera ngati mphatso ya paukwati. Kawirikawiri imapezeka itaima, poti batire lake analisamutsira mu limoti tsiku la mpira. Zikatero, mphunzitsi amatenga katoni ya sopo, kuikapo mbale, kudula mozungulira, kulemba manambala 1 mpaka 12, n'kubaya mivi iwiri pakati ndi msomali.

Gawo loyamba la phunziro ndi nthawi ya pawotchi, ndipo limayamba ndi muvi waufupi, woloza maola. Apa sipavuta. Mutu umayamba kuwawa pa muvi wautali, umene ukaloza pa 3 umatanthauza mphindi 15, ukaloza pa 6 ndiye mphindi 30. Mwana wochangamuka amafunsa chifukwa chake ola lili ndi mphindi 60 pamene kwacha ili ndi matambala 100. Yankho loona n'lakuti kawerengedwe ka 60 kanachokera kwa anthu akale a ku Babulo, ndipo nambalayi imagawika bwino ndi 2, 3, 4, 5 ndi 6. Yankho la bambo wamba ndi lakuti, "Iwe, tangoloweza."

Gawo lachiwiri ndi nthawi ya agogo. Iyi imayamba ndi tambala woyamba, kenako mbandakucha, dzuwa paliwombo, dzuwa litapendeka, mpaka nkhuku zikamalowa m'khola. Sifuna batire, ndipo agogo sanaphonyepo nayo phala. Mwana amaigwira msanga, koma kusukulu saivomera. Sanapezeke mphunzitsi wamkulu amene anakhululukira mwana wochedwa chifukwa choti tambala wa kwawo anamuphera alendo.

Gawo lachitatu, lovuta kuposa onse, ndi nthawi ya akuluakulu. Miyezo yake ili motere. "Ndikubwera pompano" ndi ola limodzi kapena awiri, malinga ndi mmene bawo ikuyendera. "Mphindi zisanu zokha" zimatha mpira ukatha. "Ndili m'njira" amanena munthu amene akufunafuna sopo kuti akasambe. Khadi la ukwati likati madyerero ayamba 1 koloko, wofika 1 koloko amathandiza kuyala mipando. Minibasi ilibe ola lonyamukira: imanyamuka ikadzaza, ndipo "watsala mmodzi" wa kondakitala amakhala anthu anayi ndi thumba la makala. Palinso "mawa" wa ngongole, amene sapezeka pa wotchi ngakhale pa kalendala. Miyezo imeneyi salemba pa bolodi. Mwana amaitola yekha poona zochita za bambo ake.

Zotsatira za maphunzirowa zimaoneka msanga. Mwana akangodziwa mivi, m'nyumba mwalowa wapolisi. Bambo akamatuluka n'kunena kuti abwera 6 koloko, mwana amakakhala pansi pa wotchi, imene tsopano mayi aigulira batire latsopano ndi ndalama yawoyawo. Chitseko chikatseguka, lipoti limaperekedwa pamaso pa onse: "Adadi, munati 6, koma waufupi uli pa 9, wautali pa 4." Mayi sayankhula kanthu. Amangofunsa mwanayo, mokoma mtima, kuti awerengetsere kuti papita maola angati, ndipo iye amapeza bwinobwino atatu ndi mphindi 20. Kunena kuti wotchiyo imathamanga sikuthandiza, chifukwa mwana amayamba wayerekeza ndi foni ya amayi ake.

Mwana amaonedwa kuti watsiriza maphunziro akatha kuchita zinthu zitatu: kuwerenga mivi yonse iwiri, kusiyanitsa 7 koloko ya m'mawa ndi ya madzulo, ndi kudziwa kuti bambo ake akanena ola, ayenera kuwonjezerapo awiri asanayambe kudikira. Ana ambiri amakhoza zitatu zonsezi asanafike Sitandade 4. Mphunzitsi wawo ndi amene amabwereza kalasi chaka ndi chaka.